Phula Pansi pa Galimoto ya Chigamba

Chigamba anatseka geti la kwa Mayi a Nkhuku anthu onse a m'dera limenelo atagona kale, ndipo analitseka akuseka yekha, mano onse pamtunda. Manja anali bii ndi oyilo, malaya atang'ambika pamsana, m'mimba mulibe kanthu chidyere m'mawa. Koma zonsezo analibe nazo ntchito. Galimoto inali italira!

Tinene zoona, aliyense amene anaiona galimoto imeneyo tsiku limene Chigamba ankaigula akanamukhululukira kusekako. Inali minibasi yakalekale ya mphuno yaphwatalala, imene mwini wake woyamba anachotsamo mipando n'kuikamo bedi, kabati ndi kasinki, kuti munthu aziyenda ndi nyumba yake ngati nkhono. Inakhala zaka pansi pa mtengo kuseri kwa nyumba ya mayi wina woweta nkhuku, matayala ataphwa, dzimbiri litaidya, nkhuku zikuikira mazira pampando wa dalaivala. Mayiyo anamugulitsa pamtengo wa zitsulo zakutha, n'kumulola kuti aziikonzera pomwepo poti kwa Chigamba kunalibe bwalo.

Chigamba sanali makaniko. Anali kalipentala, ndipo dzinali anamupatsa anzake a kushedi kopalira matabwa chifukwa munthuyu sankadziwa kutaya kanthu. Mpando wothyoka, nsapato yong'ambika, ndowa yobooka, zonse ankati zingofuna chigamba basi. Ndiye atamva kuti wagula chiphapha cha galimoto, anzakewo anapeza poyambira. M'mawa uliwonse ankamulonjera ndi funso limodzi: "Khola lanu lija linyamuka liti?" Mlamu wake ndiye anachita kubwera kudzaliona, nalizungulira kawiri, nagwira pakamwa. "Alamu, mukanangogula wilibala. Bola iyo imayenda."

Anasekawo sankadziwa chimene chinkamudzutsa Chigamba m'mamawa. Akazi ake anagwa pamakwerero a kuntchito chaka chathachi, msana n'kuvulala. Kuyenda ankayenda pang'ono ndi ndodo, koma kukhala pampando nthawi yaitali dokotala analetseratu. Tsono mwana wawo wachisamba anali kukwatiwa Loweruka likubweralo, kutali, ulendo wa tsiku lathunthu. Amayiwo anali atavomereza kale kuti ukwatiwo adzauonera pafoni. Ankanena zimenezi akumwetulira, ndipo kumwetulirako kunkamupweteka Chigamba kuposa akanalira. Tsiku lina anangomenya patebulo.

"Amayi, ukwati wa mwana wanu mukauona ndi maso anu. Simungakhale? Chabwino. Mupita chogona, ngati bwana."

Chiyambire tsiku limenelo, akaweruka kushedi ankalunjika pansi pa mtengo uja. Pansi pa m'kati anayalapo matabwa a mabokosi akale amene a m'sitolo ankataya, nawapala mpaka munthu akanadziyang'anirapo. Bedi analipanganso, lotsika bwino kuti wa ndodo akwere osavutika, ndi kachitsulo kogwira m'mbali. Matiresi anadula ya mwana wawo uja. Makatani anasoka amayi okha kuchokera ku nsalu zakale za pabedi, ali chigonere, akumuseka kuti akusokera nkhuku za eni. Batire anabwereka kwa mlamu yemwe uja. Za injini ankaphunzira m'mavidiyo a pafoni, akuimitsa ndi chala cha oyilo, kubwereza, kutukwana, kubwerezanso. Kabureta anaiviika m'petulo mumphika wa kunyumba, ndipo mpaka lero amayi akuufunafuna mphikawo.

Kunsi kwa galimoto kunali dzimbiri lochititsa manyazi. Chigamba anapempha phula lakuda lotsala kwa anthu omata madenga, nagona chagada, napaka kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo, chilichonse chimene burashi inakumana nacho. Kunawala! Makalipentala ndi choncho, chinthu akachipaka bwino amati chatha.

Ndiye usiku umenewu, ulendo uli mawa lake, injini imene inakhala ikungotsokomola sabata yonse inatsokomola, kutsokomolanso, kenako inabangula. Nkhuku zonse zinadzuka m'khola. Galu wa nyumba yoyandikana anathawira kunsi kwa mpanda. Mayi a Nkhuku anatsegula zenera nafuula kuti, "Bambo inu, anthu tigone!" koma m'mawu mwawo munkamveka kuti nawonso akuseka. Chigamba anaika giya, galimoto inasuntha. Inasuntha ndithu! Anaiyendetsa kuchoka pamtengo kukafika pageti, naponda buleki pang'onopang'ono, inaima. Anabwerera chambuyo, napondanso, inaima. Anapsompsona chiwongolero.

Chotsala chinali mababu a nyali zakutsogolo okha, ogula m'mawa. N'chifukwa chake anaisiya pomwepo n'kuuyamba wapansi. Anafuna kuimbira amayi, koma foni inali itathima kalekale ndi mavidiyo aja. Iye anati zili bwino, nkhani ngati imeneyi njofunika kuiona nkhope ya woimva.

Anayenda ngati mnyamata. Anadutsa mashopu otseka, mlonda wina atakhala pampando tulo tili m'maso. "Yalira, achimwene!" anatero Chigamba. Mlondayo sankadziwa n'komwe chimene chalira, koma anakweza dzanja. Anadutsa malo omwetsera mafuta, nawaloza chala kuti mawa tionana. M'mutu mwake anali kale panjira: amayi ali pabedi, katani itatsegulidwa, akuona mapiri akudutsa; iye akuliza hutala pakhomo la tchalitchi; mwana wawo atavala zoyera akuthamanga, osasamala za chovala, akufuula kuti amayi abwera! Analiza likhweru, nadumpha chithaphwi chimene akanatha kungochilambalala.

Nyali za mumsewu zinathera pamwamba pa mtsetse. Kuchokera pamenepo msewu unkatsika kwambiri, n'kukhota, n'kulowa pamlatho wopapatiza, ndipo kwawo kunali kutsidya. Masana ankadutsapo osaganiza kanthu. Tsopano kunali mdima wa ndiwe yani. Anatsika akuimbabe likhweru, achule akumuyankha kumtsinje.

Ali pakati pa mtsetse, achule anasiya.

Onse pamodzi. Zii.

Likhweru lake linamveka lokha, ndipo linamveka lopusa. Analisiya. Kunatsala phokoso la nsapato zake. Kenako mphuno yake inagwira fungo. Silinali la mtsinje. Linali fungo lakuthwa, lolowa kukhosi, limene analidziwa bwino chifukwa anali atalinunkha sabata yomweyo: mafuta a mabuleki. Ananunkhiza manja ake. Ayi, m'manja munali oyilo chabe.

Pachipilala choyamba cha mlatho panali munthu.

Anali wamtali, atavala ovolosi, chipewa atachitsitsa kumaso. Anatsamira chipilalacho, dzanja lamanja ataligwiritsa pachifuwa ngati munthu amene wathamanga kwambiri. Chigamba anayamba kuyenda pang'onopang'ono. Anadziuza kuti ndi wakumowa, kapena wa ntchito ya usiku amene akudikira mnzake.

"Mwaswera bwanji, achimwene?"

Munthuyo sanabweze moni. Anangoti, "Yalira."

Silinali funso.

"Ndaimva," anateronso munthuyo. "Ndinayamba kuganiza kuti sidzaliranso."

Wina akanadzifunsa kuti munthu ali pamlatho angamve bwanji injini imene yalira kuseri kwa phiri. Koma Chigamba anali ndi nkhani imene inkamuwotcha m'kamwa chichokere pageti paja, ndipo apa anapeza khutu. Mantha anaiwalika. Anayamba kufotokoza za kabureta, za mphika, za matabwa, za nkhuku, manja ali m'mwamba, akuseka. Munthuyo anangomvetsera, osagwedezeka.

"Bedi likadali kumanzere?"

"Eya, kumanzere komweko! Mumaidziwa eti? Ndalitsitsa pang'ono, komanso..."

"Kumbuyoko kugona ndani?"

"Akazi anga. Mawa lomweli. Tikupita kuukwati wa mwana."

Munthuyo anabuula. Kubuula kwake kunali kwa pansi, konyowa, ngati mpweya ukudutsa m'madzi. 

"Yalira, inde," anatero munthuyo pang'onopang'ono. "Nanga kuima?"

"Imaima. Ndaiyesa."

"Buleki mwaiponda ngati mukuipepesa."

Chigamba anasiya kuseka. Pabwalo paja anali yekha. Yekhayekha.

"Muiponde ngati mwana walowa pamsewu. Mphira si chitsulo, achimwene. Ndinkati mawa... ndinkati ndikonza mawa..."

Kumtunda kunamveka lole. Kuwala kwa nyali zake kunakhota, kunatsika mtsetse, kunawagwera onse awiri. Chigamba anaona chithunzithunzi chake chitatalika pamlatho, chokhachokha. Anayang'ana kumapazi kwa mnzakeyo. Panalibe chithunzithunzi. Anakweza maso. Munthuyo anachotsa dzanja pachifuwa kuti aloze kumtunda...

Chifuwa panalibe!

Chinali chitalowa m'kati. Dzenje lozungulira, lopindika bwinobwino, ngati mwadinda chiwongolero m'dothi lonyowa.

Lole inadutsa, mlatho unanjenjemera. Mdima unabwerera. Pachipilala panalibe munthu. Fungo lokha. Chigamba anayang'ana uku ndi uku. Anamva kuzizira pakhutu lamanzere. Pafupi. Pafupi kwambiri.

"Muiponde..."

Mayo! Anali liwiro la mtondo wadooka. Nsapato imodzi inatsala pamlatho, iye osaimva n'komwe. Anathamanga osacheuka, agalu akumuuwa nyumba ndi nyumba, mpaka anakagwera pachitseko cha kwawo.

M'nyumba nyali inali ikuyaka. Amayi anali maso, atatsamira mapilo, sutikesi yotseka kale ili pambali pa bedi, diresi latsopano litapachikidwa pachitseko cha kabati. Atamuona mwamuna wawo ali wefuwefu, phazi limodzi lopanda nsapato, anagwira pamtima.

"Bambo, chachitika n'chiyani? Yakananso?"

Chigamba anawayang'ana. Anayang'ana diresi lija.

"Yalira," anatero.

"Mukunama!"

"Yalira, amayi. Yayenda mpaka pageti."

Amayiwo anakuwa ngati kamtsikana. Anaponya pilo m'mwamba, naiwala za msana, nabuula ndi ululu, nasekanso misozi ikutsika. "Ndiye mwathamanga mpaka kutaya nsapato kuti mudzandiuze? Inu bambo inu! Bwerani kuno ndi oyilo wanuyo." Anamugwira mutu ndi manja onse awiri. "Ndimuona mwana wanga. Ndimuona ndithu. Ndimaopa kunena, ndimati ndikanena zilephereka."

Za pamlatho sanawauze. Akanayambira pati? Anasamba, nagona pambali pawo, maso ali tong'o. Amayi anagona akumwetulira. Iye anayesa kudziuza kuti inali njala ndi kutopa, kuti munthu wosadya tsiku lonse amaona zambiri. Koma akangotseka maso ankaona mtsetse uja, galimoto ikutsika, kumbuyo kuli munthu wogona amene sangathe ngakhale kudumpha.

Kutangoyamba kuyera anadzuka. Pamlatho anapeza nsapato yake ili pakati pa msewu, anthu opita kuntchito akuilambalala. Chipilala chinali chipilala basi, kupatula kuti pakona pake panali pobenthuka kalekale, simenti ina yosiyana mtundu itamatidwapo. Anavala nsapatoyo osaima nthawi.

Galimoto anaipeza ili phee pansi pa mtengo, penti yake yatsopano itanyowa ndi mame, makatani a amayi akuoneka pazenera. Inali yokongola, ndipo mtima wake unayambanso kudumpha. Anakwera, naliza injini, inayankha kamodzi n'kamodzi. Anagwira chiwongolero ndi manja onse. M'maganizo anaika mwana pamsewu, kamtsikana ka diresi lofiira kakuthamangira mpira. Anakweza phazi, naliponya pabuleki ndi mphamvu zake zonse.

Phwa!

Buleki inalowa mpaka pansi, yopanda kanthu, ngati waponda papaya lowola. Anapondanso. Palibe. Fungo lija linadzaza m'galimoto.

Anathimitsa injini, nakwawira kunsi. Mafuta ankadontha pafupi ndi tayala lakumbuyo. Anatsatira kapaipi kachitsulo ka mabuleki ndi chala mpaka anafika potupa. Anapala phula ndi mpeni. Pansi pa phulalo panalibe chitsulo. Panali mphira ya chubu cha njinga, yozengedwa mwaluso, yomangidwa ndi waya, yakale mpaka kumafumbutuka m'manja. Inkabisa bowo lolowa msomali. Phula lake lomwe ndilo linamata bowolo, kokwanira kunamiza phazi la munthu woyendetsa pabwalo, osati la wotsika mtsetse. Miyezi yonseyi anagona pansi pa galimoto imeneyi, nafunsa mafoni za kabureta, koma sanafunsepo mwini nyumba chimene chinaiimitsa pansi pa mtengo. Paja safunsa anadya phula. Uyu ndiye anachita kulipaka yekha ndi burashi.

Anakhala chigonere pansipo, dzanja lili kumaso, kenako anayamba kuseka, kuseka kwa munthu amene mphenzi yagwa pamtengo umene wangochokapo.

"Mwayambanso, bambo? Usiku phokoso, m'mawa phwete."

Anali Mayi a Nkhuku, beseni la chakudya cha nkhuku lili m'manja. Chigamba anatuluka kunsi kuja, nawaonetsa chidutswa cha mphira.

"Mayi, taonani chimene chikanatipha lero! Paipi ya mabuleki, yomanga ndi chubu! Koma musadandaule, n'kanthu kochepa. Sitolo ikangotsegula ndikagula paipi yatsopano, yachitsulo, ndisintha yonse. Tinyamuka masana m'malo mwa m'mawa, tikafika usiku, koma tikafika. Amayi akauona ukwati!"

Mayiwo sanaseke. Maso awo anali pamphira ija.

"Mwaidziwa bwanji?"

"Wina anandiuza. Usiku, pamlatho." Anayesa kulankhula ngati nkhani wamba. "Bambo wina wamtali, wa ovolosi, chipewa chotsitsa kumaso. Amaidziwa galimotoyi, anafunsa ngati bedi likadali kumanzere. Akuti ankati akonza mawa."

Beseni linagwa. Nkhuku zinathamangira chakudya chotayikacho, zikupondana pamapazi awo, iwo osazimva. Anakhala pansi pakhomo la galimoto, natambasula dzanja. Chigamba anawapatsa mphira ija. Anaitembenuza, naona m'mene waya anapotedwera.

"Kumanga uku ndi kwawo," anatero chapansipansi. "Chilichonse ankamanga chonchi. Chilichonse chinali cha mawa."

"Ndani, mayi?"

"Amuna anga. Bedi limenelo anapangira ine." Anacheukira m'kati mwa galimoto. "Ndinali woyembekezera. Matenda anandiyamba pakati pa usiku, iwo n'kundigoneka kumbuyoku, kuthamanga nane kuchipatala. Pamtsetse paja ndinangomva akufuula kuti, ‘Mphira ija!’ Zaka zonsezi ndimaganiza kuti ankanena tayala. Matayala munasintha onse, ndiye ndinati palibe chokuuzani."

Chigamba anakhala pansi pambali pawo.

"Akanapitirira tikanagwera mumtsinje tonse. Anaikhotetsera dala pachipilala, mbali yawo. Ine sindinakandike n'komwe. Iwo chiwongolero chinawathyola chifuwa."

Anapukuta maso ndi nsonga ya nsalu, nayang'ana kuchingwe kumene kunali yunifolomu ya sukulu, malaya aakulu oti akanamukwana Chigamba.

"Mwana amene ndinali naye m'mimba usiku umenewo akumaliza sekondale chaka chino. Bambo ake tinawaika m'manda iye mchombo usanagwe."